Mapulagi akale a mano obulungira: kumene akugwirabe ntchito ndi chifukwa chake

Amisiri a zamagetsi akayamba kukambirana za mapulagi akale a mano obulungira, aja amangowatchula kuti round pin, sagwirizana msanga. Amene anaphunzira ntchito ku Britain amati akaona soketi ya mabowo atatu obulungira m'nyumba ya munthu, mtima sukhala m'malo, chifukwa mwina kuseri kwa khomalo kuli mawaya a zaka 70. Mnzake wa ku Johannesburg kapena ku Mumbai amadabwa nazo zimenezo, poti iye soketi yomweyo waimanga dzulodzuloli m'nyumba yatsopano, lamulo la kwawo likumuloleza. Wina amene amagwira ntchito m'maholo a zisudzo amati pulagi ya mano a makona anayi safuna n'kuiona komwe kudenga kumene amapachika nyale zake. Palibe akunama mwa atatuwa. Chimene chikuwasiyanitsa si maonekedwe a mano a pulagi ayi, koma malo amene fyuzi yoteteza waya yaikidwa.

Pulagi imene akulimbiranayi ndi ya muyezo wa ku Britain wotchedwa BS 546, umene unatuluka mu 1934 n'kukonzedwanso mu 1950. Musaisokoneze ndi mapulagi a ku Germany, France kapena Italy, amene nawonso ndi obulungira mano koma ndi a mtundu wina. Ya BS 546 ili ndi mano atatu okhala ngati mafuwa, lalikulu pamwamba, awiri ofanana pansi. Lapamwambalo ndi la earth, waya wachitetezo wothawitsira magetsi pansi chipangizo chikawonongeka. Analipanga lalitali kuti lizikhala loyamba kukhudza munthu akamalowetsa pulagi, ndi lomaliza kuchoka akamaizula, kuti chipangizo cha chitsulo chisakhale ndi moto chilibe earth ngakhale kwa kamphindi. Analipanganso lonenepa kuti lisalowe m'bowo la live, lomwe limakhala ndi moto, ngakhale wina ataitembenuza pulagiyo.

Masaizi ake ndi anayi, potengera ma amp, muyeso wa kuchuluka kwa magetsi odutsa m'waya: ya ma amp 2, ya 5, ya 15 ndi ya 30. Ya 30 inali ya zipangizo zikuluzikulu ndipo masiku ano kuiona n'kwapatali. Mano awiri apansi a pulagi ya 5 ndi onenepa mamilimita 5 ndi pang'ono, otalikirana mamilimita 19. A pulagi ya 15 ndi onenepa mamilimita 7, otalikirana mamilimita 25. Palibe saizi imene imalowa m'soketi ya inzake, ndipo anachita dala. Pa magetsi a ma volt 230, pulagi ya 2 imasenza ma watt 460, ya 5 imasenza 1,150, ya 15 imasenza 3,450. Mukaitsegula pulagi wamba ya mtunduwu mupezamo zomangira mawaya zitatu basi. Fyuzi mulibe.

Apa m'pamene pagona nkhani. Anthu ambiri amayesa kuti fyuzi kapena breaker, swichi yodzizimitsa yokha magetsi akachuluka, imateteza wailesi kapena filiji. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza waya. Waya aliyense ali ndi malire a magetsi amene angadutsemo asanatenthe mpaka kusungunula chokutira chake, ndiye fyuzi imaikidwa kuti ipse yokha wayayo asanafike pamenepo. M'nyumba zakale za ku Britain chitetezo chonse chinali m'bokosi la mafyuzi. Soketi ya ma amp 15 inkakhala ndi waya wakewake wochokera ku fyuzi yakeyake, ndipo masoketi ang'onoang'ono ankagawana laini ochepa chabe. Choncho kukula kwa mabowo kunkauza munthu kukula kwa waya amene ali kuseri. Hita inkabwera ndi pulagi yaikulu imene sikanalowa m'soketi ya nyale, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma inali yodula. Soketi yaikulu iliyonse inkadya waya wautali wa kopa, motero nyumba zambiri zinali ndi soketi imodzi kapena ziwiri zokha. Nyale ya pulagi ya 5 sinkalowa m'chipinda cha soketi ya 15. Anthu anadzaza nyumba ndi maadaputa, ena mpaka ankalumikiza simbi yositira pamene pamalowa babu.

Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, boma la Britain linakhazikitsa komiti yoti ione mmene magetsi adzaikidwire m'nyumba zomangidwa nkhondo ikadzatha. Mayi mmodzi yekha m'komitimo anali Caroline Haslett, amene ankatsogolera bungwe la Electrical Association for Women. Lipoti lawo linatuluka mu 1944. Ankafuna masoketi ambiri m'nyumba iliyonse, koma kopa anali wosowa. Yankho lawo linali laini imene amisiri amaitchula kuti ring: waya amachoka m'bokosi la mafyuzi, kudutsa soketi iliyonse m'nyumbamo, n'kubwereranso kumene anachokera, kotero magetsi amafika pa soketi iliyonse kudzera mbali ziwiri. Laini yonseyo inkatetezedwa ndi fyuzi imodzi ya ma amp 30, ndipo lero amaika breaker ya 32. Tsono kachingwe ka nyale ya patebulo sikangatetezedwe ndi fyuzi yaikulu chotero. N'chifukwa chake fyuzi yaing'ono, ya 3, ya 5 kapena ya 13, inasamukira m'pulagi momwemo. Muyezo watsopanowo, BS 1363, unatuluka mu 1947. Mano ake a makona anayi anatsekereza mapulagi akale opanda fyuzi kuti asalowe pa ring, ndipo soketi yake inabwera ndi tizitseko totseka mabowo awiri apansi, la live ndi la neutral lobwererapo magetsi, timene timatseguka pokhapokha dzino la earth likalowa.

Nthawi imeneyo panalinso makampani amene anatulutsa mapulagi awoawo a fyuzi. Ya Dorman & Smith inali yobulungira mano, ndipo dzino la live linali fyuzi yomwe, yochita kumangirira ngati bawuti. Likamasuka linkatha kutsalira m'soketi lili ndi moto, munthu atazula pulagi. Mapulagi amenewo anatha. Koma a BS 546 sanathe, ngakhale ku Britain komweko.

Lowani m'chipinda cha hotela yatsopano ku London kapena ku Edinburgh, muyang'ane kuseri kwa katebulo ka pambali pa bedi. Nthawi zambiri mupezako kasoketi kakang'ono ka mabowo obulungira, koyera, katsopano. Nyale ya patebulo yalumikizidwa pamenepo, ndipo mukadina swichi ya pakhomo, nyaleyo imayaka pamodzi ndi ina ya pakona. Soketi imeneyo sili pa ring. Ili pa laini ya nyale, ya waya wochepa, wonenepa 1 kapena 1.5 mm², yotetezedwa ndi breaker ya ma amp 6. Mmisiri akanaika soketi wamba pamalopo, tsiku lina wokonza m'chipinda akanalumikizapo makina opopera fumbi, kapena mlendo akanalumikizapo ketulo. Ketulo ya ma watt 2,000 imakoka pafupifupi ma amp 9. Breaker ikanagwa, nyale zonse za laini imeneyo n'kuzima. Kukanakhala kuti pakhomopo pali dimmer, swichi yochepetsa ndi kuwonjezera kuwala ija, ikanapsa, chifukwa ma dimmer a m'nyumba amapangidwira ma watt mazana ochepa okha. Soketi yobulungirayo ikuchita ntchito yomwe ija ya mu 1934: ikukana chipangizo chimene waya wake sangachikwanitse, popanda chikwangwani, popanda kuuza munthu kanthu.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pulagi yakaleyi ikusonyeza ubwino wake wonse, ndipo amisiri amene amaiika m'nyumba za anthu, m'mabala ndi m'malesitilanti akuchita bwino. Chofunika n'chakuti soketiyo ikhale ya tizitseko, monga malamulo a ku Britain amafunira m'nyumba zokhala anthu, poti zakale zambiri zinali za mabowo apululu amene mwana angapisemo msomali. Mkangano umene umatsala ndi wa saizi. Ena amakonda ya ma amp 2 chifukwa ndi yaing'ono ndipo siwononga maonekedwe a khoma, komanso mababu a LED amadya magetsi ochepa kwambiri. Ena amati ya 2 ndi yopanikiza kumangamo mawaya, ndipo chogwirira chingwe chake n'chofooka, choncho amasankha ya 5. Amene anayesapo kupinda mawaya atatu m'kapulagi kochepa chotero amamvetsa gulu lachiwirili.

Kumaholo a zisudzo chifukwa chake n'china. Kumeneko pulagi ya ma amp 15 yakhala mwini malo kwa zaka zambiri. Nyale za pasiteji zakale zimakhala za ma watt 500, 1,000 kapena 2,000, zopachikidwa pa mapaipi kudenga, mamita angapo kuchokera pansi. Laini ya nyale iliyonse imachokera ku dimmer, ndipo dimmer iliyonse ili ndi fyuzi kapena breaker yake pansi, pamalo amodzi pamene mmisiri angafike atangoyenda. Babu lalikulu likamapsa limakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, ndipo kawirikawiri limapsereza fyuzi. Tangoganizani fyuziyo ili m'pulagi kudenga, ndipo pakati pa dimmer ndi nyale pali zingwe zitatu zolumikizana, chilichonse ndi pulagi ya fyuzi yake. Sewero lili pafupi kuyamba, anthu akhala kale m'mipando, mmisiri akwere makwerero mumdima kukatsegula mapulagi imodzi imodzi? Pulagi yopanda fyuzi imathetsa vuto limeneli, ndipo waya amakhalabe wotetezedwa kuchokera pansi. Imathandizanso kuti wina asalumikize kompyuta kapena zokuzira mawu pa laini ya dimmer poyesa kuti ndi magetsi wamba.

M'maholo atsopano pulagi ya 15 ikulowedwa m'malo ndi ya buluu ya ma amp 16, ya muyezo wa IEC 60309, yomwe imapezekanso m'mafakitale ndi m'malo oimika makalavani. Koma taonani, nayonso ndi ya mano obulungira ndipo ilibe fyuzi. Mtundu wake umanena mphamvu ya magetsi: yachikasu ndi ya ma volt 110 a pamalo omanga nyumba, yabuluu ya 230, yofiira ya 400. M'mabafa a ku Britain mulinso kasoketi ka mabowo awiri obulungira ka makina ometera ndevu, kamene kali ndi thiransifoma yake mkati yoteteza munthu wonyowa ku nyesi.

Ndiye mantha a mmisiri woyamba uja akuchokera kuti? Akuchokera ku masoketi amene sanaikidwe dala, koma anangotsala. Maonekedwe ake sasowa: pulasitiki yolimba yakale yotchedwa Bakelite, yofiirira, soketi itakhomedwa pa kathabwa m'munsi mwa khoma. Vuto si soketiyo kwenikweni, koma zaka zake. Nyumba imene idakali ndi masoketi otere m'zipinda zonse iyenera kuti inaikidwa mawaya pulasitiki ya PVC isanafale m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene mawaya ankakutidwa ndi labala. Labala akakalamba amauma. Mukamasula soketi n'kuikoka pang'ono, chokutiracho chimangoti yoyoyo m'manja, kopa n'kutsala pamtunda, live ndi neutral zitatsala pang'ono kukhudzana. Nthawi zambiri malaini a nyale a m'nyumba zoterezi alibenso earth, chifukwa malamulo a ku Britain anayamba kuifuna pa malaini amenewo mu 1966. Choipitsitsa chimene munthu angachite pamenepa ndi kuchotsa soketi yakaleyo n'kuikapo yatsopano ya makona anayi pa mawaya omwewo. Kunja kwaoneka bwino, koma wachotsa chizindikiro chokhacho chimene chikanachenjeza wobwera pambuyo, ndipo watsegulira hita ndi ketulo njira pa waya amene mwina anali wa ma amp 5. Mmisiri wosamala amayamba wayeza mphamvu ya chokutira mawaya ndi mita yake, n'kulondola laini kuti adziwe kumene yachokera.

Kunja kwa Britain nkhani ndi ina. Mayiko angapo amene analandira magetsi ali pansi pa ulamuliro wa Britain anatenga pulagi yobulungirayi, koma ring sanaitengere, choncho fyuzi ya m'pulagi sanaifune. Ku India muyezo wake ndi IS 1293, ndipo masaizi awiri aja amawalemba kuti ma amp 6 ndi 16. Yaing'ono ndi ya fani, wailesi yakanema ndi nyale, pamene yaikulu ndi ya giza yotenthetsera madzi, makina oziziritsa m'nyumba ndi zophikira. Kumeneko n'zofala kuona soketi imodzi ya mabowo a masaizi onse awiri. Ku Nepal, Pakistan ndi Bangladesh mapulagi amenewa amapezekanso ponseponse. M'mabuku a apaulendo yaing'onoyo amailemba kuti Type D, yaikulu Type M. Tikawerengera chiwerengero cha anthu a ku India kokha, pulagi imene ena amaitcha yachikaleyi ikutumikira anthu ochuluka kwambiri kuposa a ku Britain konse.

South Africa inasankha yaikulu kukhala ya chilichonse. Muyezo wake ndi SANS 164-1, wa ma amp 16, ndipo imagwiranso ntchito ku Namibia, Lesotho, Eswatini ndi mbali ina ku Botswana. Masoketi angapo amagawana laini imodzi ya breaker ya ma amp 20, ndipo pabokosi pamakhala earth leakage, chipangizo chimene chimadula magetsi chikamva kuti ena ochepa, osafika n'komwe pa amp imodzi, akuthawira pansi kudzera m'thupi la munthu kapena m'chitsulo. M'maofesi a kumeneko mumapezeka pulagi yofiira imene dzino lake la earth analisema mbali imodzi. Imeneyo ndi ya laini yapadera ya makompyuta. Yofiirayo imalowa m'soketi wamba, koma pulagi wamba silowa m'soketi yofiira, kotero palibe angalumikize hita pa laini ya makompyuta. Ndi nzeru yomwe ija ya kuseri kwa bedi la m'hotela.

Komabe anthu a kumeneko ali ndi madandaulo omveka. Pulagiyo ndi yaikulu kwambiri pa chinthu chochepa ngati chaja ya foni, ndipo zipangizo zing'onozing'ono zambiri zimabwera ndi pulagi ya mano awiri owonda ya ku Ulaya, imene silowa popanda adaputa. Zotsatira zake ndi maadaputa osanjikizana pakhoma. Pofuna kuthana nazo, South Africa inatenga muyezo wa IEC 60906-1, umene unalembedwa mu 1986 ndi cholinga choti udzakhale wa dziko lonse lapansi, n'kuutcha SANS 164-2. Kuyambira mu 2018 nyumba zatsopano zimayenera kukhala ndi soketi ya mtunduwu, ngakhale yakale ikuloledwabe pambali pake. Pulagi yatsopanoyo ndi yaing'ono, imalowa m'kati mwa soketi kuti chala chisakhudze dzino la moto, ndipo soketi yake imalandira ya mano awiri ija. Mano ake ndi obulungiranso.

Ku Singapore, Malaysia ndi Hong Kong pulagi ya tsiku ndi tsiku ndi ya makona anayi, koma soketi yobulungira ya ma amp 15 amaisungira makina oziziritsa m'nyumba, amene amakhala ndi laini yawoyawo ndipo poyaka amakoka magetsi ambiri. Sri Lanka inapita njira ina: inaganiza zosiya masoketi obulungira pang'onopang'ono n'kutsala ndi ya ma amp 13 yokha.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si pulagi yobulungira kapena ya makona anayi payokha. Iliyonse ili bwino pa mawaya amene anaipangira. Ngozi imabadwa pamene ziwirizi zakumana, ndipo zimakumana tsiku ndi tsiku chifukwa katundu amawoloka malire. Munthu wagula chipangizo ku Durban kapena ku Delhi, wafika nacho m'nyumba ya ring, walumikiza ndi adaputa yotchipa yopanda fyuzi. Chingwe cha chipangizocho mwina ndi cha 0.75 mm², choyenera ma amp 6, ndipo chitetezo chokha chimene chatsala ndi breaker ya 32. Kukachitika shoti yeniyeni breaker igwa ndithu. Koma chipangizo chikawonongeka mwa njira yoti chizikoka ma amp 20 kapena 25, breaker siona cholakwika chilichonse, pamene chingwe chikutentha pansi pa kapeti. Mbali inayo ilinso chimodzimodzi: ketulo ya pulagi ya 13 ikalumikizidwa ndi adaputa pa soketi ya ma amp 5 kapena 6, fyuzi yake sipsa chifukwa ketuloyo sinapyole malire ake, koma soketi ndi imene imasungunuka.

Pulagi ya mano awiri ya ku Ulaya ili ndi vuto lakelake. Mano ake ndi otalikirana pafupifupi mofanana ndi mabowo a soketi ya ma amp 5, ndiye imalowa, anthu n'kumayesa kuti zili bwino. Koma mano ake ndi a mamilimita 4 m'bowo la mamilimita 5. Imakhala gwedegwede, imathetheka mkati, ndipo pakapita nthawi m'mphepete mwa mabowo mumada bii. Masoketi amene amagulitsidwa kuti amalandira pulagi ya dziko lililonse ali ndi matenda omwewa, chifukwa bowo lopangidwira mano a mitundu yonse siligwira dzino lililonse mwamphamvu. Pulagi ya ku Germany, imene earth yake ili m'mbali osati pa dzino, imalowa m'soketi yotere n'kugwira ntchito ilibe earth, mwini wake osadziwa.

Pa chipangizo chimene chabwera kudzakhalitsa, njira yabwino ndi kudula pulagi yachilendoyo n'kumangapo ya dziko limene chili. Waya wa bulawuni apite ku live, kudzanja lamanja mukaitsegula pulagi dzino la earth lili pamwamba, wa buluu ku neutral, wa girini ndi chikasu ku earth, ndipo wa earth asiyidwe wautaliko kuti chingwe chikakokedwa akhale womaliza kuzuka. Ngati pulagi yatsopanoyo ndi ya fyuzi, zipangizo zosapyola ma watt 700 zimafuna fyuzi ya ma amp 3, zazikulu ya 13. Chipangizo chodya ma watt oposa 3,000, monga makina ena oziziritsa amene anabwera ndi pulagi ya 16, sichiyenera pulagi ya 13 ngakhale pang'ono, chimafuna laini yakeyake yoikidwa ndi mmisiri. Pulagi yodulidwayo musaisiye m'dilowa ili ndi kachingwe kake. Pindani mano ake ndi pulayala musanaitaye, chifukwa mwana akaipeza n'kuilowetsa m'adaputa, nsonga za mawaya odulidwawo zimakhala ndi moto.